Ngongole ya Zikomo

Pali ngongole ya ndalama, imene munthu amailemba m'kope, n'kuibweza, nkhani n'kuthera pomwepo. Palinso ngongole ina imene silembedwa paliponse, ndipo palibe amene amadziwa tsiku limene imatha. Iyi ndi ngongole ya zikomo, imene munthu amakhala nayo kwa yemwe adamuthandiza pa tsiku la tsoka. Funso limene lakhala likundisautsa kwa zaka zingapo tsopano ndi ili: kodi munthu amene adakupulumutsa dzana akabwera lero ndi malonda, uli ndi ufulu womufunsa mafunso, kapena kuyamika kumalamula kuti ungogwada n'kulandira ndi manja awiri?

Funsoli ndidakumana nalo koyamba pakhonde pa amayi anga. Amene adalipo m'chaka cha 2002 akukumbukira njala imene idagwa m'dziko muno. M'mudzi mwathu anthu adadya gaga, mizu ya nthochi ndi mango aawisi owiritsa. Bambo anga adali atatisiya kale, ndipo ine ndidali ndisanayambe ntchito. Pofika mwezi wa February munkhokwe mudalibe ngakhale njere imodzi. Usiku wina mkulu wa m'mudzi woyandikana nafe, amene adali ndi ngolo ndi ng'ombe ziwiri, adafika n'kutsitsa matumba awiri a chimanga pakhonde pathu. Sadali munthu wolemera ayi. Ana ake ankadya kamodzi patsiku monga ife. Amayi atafunsa kuti adzabweza motani, mkuluyo adangoti, "Dyetsani ana, mayi. Za mawa tidzaziona mawa." Titakolola, amayi adabweza matumba awiri aja, koma tonse tinkadziwa kuti chimanga cha mu February sichingabwezedwe ndi chimanga cha mu May.

Patapita zaka 12, mkulu uja atamwalira, mwana wake wamwamuna adatulukira pakhomo pathu pa galimoto yake. Adali atalemera ndi geni ya tomato ndi anyezi m'misika ya m'tauni. Adapempha kuti timupatse dimba lathu la m'mbali mwa mtsinje kuti azilimamo ndi mpope wa injini. Polankhula sadaiwale kukumbutsa za ubale wakale wa bambo ake ndi banja lathu. Matumba aja sadawatchule, komabe tonse tinkawaona ngati adakali pakhonde pomwepo. Amayi adafuna kuvomera nthawi yomweyo, ati kufunsa mafunso kukadakhala kunyoza manda a munthu amene adatipulumutsa.

Momwe nkhani ya dimbayi idathera ndinena kumapeto. Ndaiyamba chifukwa ndimaikumbukira nthawi zonse ndikamva za njanji, madoko, milatho ndi misewu imene dziko la China lamanga m'maiko oyandikana nafe. Ndine wogwira ntchito m'boma, ndipo tsiku langa limathera pa mafayilo ndi mapepala oti asainidwe. Ntchitoyi yandiphunzitsa kuti maiko nawonso amakhala ndi ngongole ya zikomo, ndipo nthawi zina amasaina mapepala ali ndi manyazi omwe aja amayi adali nawo.

Chitsanzo chachikulu ndi njanji ya TAZARA, imene imachoka pa doko la Dar es Salaam ku Tanzania kukafika ku Kapiri Mposhi ku Zambia, mtunda wa makilomita 1,860. Dziko la Zambia lidalandira ufulu m'chaka cha 1964 lili lopanda nyanja yamchere monga lathuli, ndipo mkuwa wake wambiri unkadzera ku Rhodesia popita ku madoko. Mu November 1965 Ian Smith adalengeza kuti azungu ochepa a ku Rhodesia adzilamulira okha, ndipo Zambia idaona kuti khosi lake lili m'manja mwa mdani. Kenneth Kaunda ndi Julius Nyerere adayenda kwa maiko olemera a azungu kupempha njanji yolowera kumpoto chakum'mawa, koma adabwerako chimanjamanja. Akatswiri a World Bank adati njanji yotere singapindule. Amene adavomera lidali dziko la China, limene pa nthawiyo anthu ake ambiri adali alimi osauka. Mgwirizano udasainidwa ku Beijing m'chaka cha 1967, ntchito idayamba mu 1970, ndipo idatha mu 1975. Ngongole yake, yoposa madola a ku America 400 miliyoni, idali yopanda chiwongoladzanja, yoti ibwezedwe pa zaka 30. Anthu adamanga milatho yoposa 300 ndi kuboola mapiri m'malo oposa 20. Matchaina oposa 60 adafera pa ntchitoyi, pamodzi ndi anthu a ku Tanzania ndi Zambia ochuluka kuposa apo, ndipo ena mwa alendowo manda awo ali ku Dar es Salaam mpaka lero.

Ndidakwerapo sitima ya pa njanjiyi kamodzi, kuchoka ku Mbeya, pamene ndinkapita ku Dar es Salaam kukatenga kagalimoto kanga pa doko monga amachitira Amalawi ambiri. Pakati pa Makambako ndi Mlimba sitima imalowa m'phiri, kutuluka, kudutsa pa mlatho wautali, n'kulowanso m'phiri lina, mpaka munthu umasiya kuwerenga. Pa siteshoni iliyonse amayi ankathamangira ku mawindo ndi nthochi, mpunga, anyezi ndi nsomba zokazinga. Ndidaona ndi maso anga kuti njanji imene idamangidwira mkuwa idadzakhala msika wa anthu wamba, ndipo midzi yambiri idamera m'mbali mwake. Aliyense wonena kuti maiko awiriwa alibe chifukwa choyamikira sadakwerepo sitimayo. Ngakhale ife tidamwako pa chitsime chimenechi. M'zaka za m'ma 1980, nkhondo ya ku Mozambique itatseka njira zathu za ku Beira ndi Nacala, dziko lathu lidatembenukira kumpoto n'kukhazikitsa malo osungira katundu wake ku Dar es Salaam ndi ku Mbeya, m'mbali mwa njanji yomweyi.

Ena amati thandizolo silidali loyera chifukwa China idali ndi zolinga zake. N'zoona kuti idali nazo. Pa nthawiyo mpando wa China ku United Nations udali m'manja mwa boma la Taiwan, ndipo Beijing inkafuna abwenzi. Mu October 1971, njanji ili mkati momangidwa, maiko 76 adavota kuti mpandowo upite ku Beijing. Tanzania ndi Zambia adali m'gulu la maiko amene adabweretsa mfundoyo, pamene dziko lathu, limene lidali pa ubale ndi Taiwan, lidali pakati pa maiko 35 amene adakana. Komanso mbali yaikulu ya ndalama zolipirira antchito ndi zipangizo za m'maiko awiriwa inkapezeka pogulitsa katundu wa ku China m'masitolo a ku Tanzania ndi Zambia. Choncho malonda adalimo kale kuyambira pachiyambi.

Kodi zimenezi zikufafaniza zikomo? Ine ndikuti ayi. Makolo athu adati kupatsa n'kuika, ndipo ponena choncho sankanyoza wopatsa. Ankadziwa kuti munthu wogawira mnzake chimanga akudzimangira nkhokwe m'mitima ya anthu, ndipo palibe cholakwa pamenepo. Mwina mkulu wa ngolo uja ankadziwa kuti tsiku lina ana ake adzasowa mnansi. Kudziwa kwakeko sikudachepetse kukoma kwa nsima imene tidadya. Tikati tiziyamika okhawo amene alibe cholinga chilichonse, ndiye kuti pa dziko lapansi pano sitidzayamika munthu. Choyenera kufunsa n'chakuti: cholinga cha wopatsayo chikuyenda limodzi ndi moyo wa wolandira, kapena chikuudya? Mu 1970 zolinga za China ndi za Zambia zinkayenda njira imodzi. Smith atatseka malire mu January 1973, aliyense adaona kuti Kaunda sadalote.

Koma ngongole ya zikomo ili ndi njira yake yoyamba yobwezera, imene ife anthu a chigawo chino timaiiwala. Njirayo ndi kusamala chimene wapatsidwa. M'zaka zake zabwino njanji ya TAZARA inkanyamula katundu woposa matani 1 miliyoni pa chaka. Pofika chaka cha 2015 katunduyo adali atatsika osafikanso matani 100,000. Zifukwa zilipo zambiri: mtengo wa mkuwa udagwa, njira zakumwera zidatsegukanso Zimbabwe ndi South Africa atamasuka, ndipo malole adalanda katundu wambiri. Komabe injini zosakonzedwa, njanji zosasamalidwa ndi antchito okhala miyezi osalipidwa sizidachokere ku Beijing. Pa zikondwerero atsogoleri ankalankhula mawu okoma a ubale wosatha, kwinaku mphatso ikuchita dzimbiri. Munthu amene wapatsidwa khasu n'kulisiya pamvula, ngakhale atathokoza tsiku ndi tsiku, zikomo wakeyo ndi wapakamwa chabe. Ndipo mapeto a kusasamala ndi kubwerera kwa wopatsa yemwe uja, uli wofooka kuposa poyamba.

Izi ndizo zidachitika. M'chaka cha 2025 maboma a Tanzania ndi Zambia adasaina mgwirizano ndi kampani ya boma la China yotchedwa CCECC woti iike madola 1.4 biliyoni pokonza njanjiyi, n'kuiyendetsa mpaka zaka 30 zitakwana. Kampaniyi idabadwa kuchokera ku nthambi ya unduna wa za njanji imene idayendetsa ntchito ya TAZARA kalelo. Mwana wa mkulu wa ngolo wabwera pa galimoto yake. Wabwera poyera ngati wamalonda, pakuti mkuwa ndi miyala ina ya ku Zambia ndi Congo ikufunika kwambiri popanga mabatire ndi magalimoto oyendera magetsi. America ndi maiko a ku Ulaya, amene adakana kale lija, nawonso kuyambira 2023 adayamba kuthandiza njanji yolowera kumadzulo ku doko la Lobito ku Angola. Onsewa akudziwa chimene akufuna, ndipo sindikuwada chifukwa cha icho. Wamalonda amene safuna phindu ndiye woyenera kumuopa.

Vuto limayamba pamene wamalonda akulankhula chilankhulo cha ubale, ndipo wolandira akuchita manyazi kulankhula chilankhulo cha malonda. Ku Zambia komweko kuli zilonda zimene siziyenera kukwiriridwa ndi mawu a ubale. Mu April 2005 fakitale yopanga zophulitsira miyala ya kampani ya ku China idaphulika ku Chambishi n'kupha antchito oposa 40, onse a ku Zambia. Mu February 2025 damu losungira zinyalala za mgodi la kampani ya Sino-Metals Leach Zambia, ku Chambishi komweko, lidagumuka, ndipo madzi a asidi adalowa mumtsinje wothira mu Kafue. Nsomba zidafa, minda idapserera, ndipo mzinda wa Kitwe udatsekeredwa madzi a m'mipope. Kodi mayi amene dimba lake lidapsa ndi asidi akhale chete chifukwa agogo ake adapatsidwa njanji? Ngongole ya zikomo ndi ya kwa anthu amene adakumba mapiri aja, amoyo ndi akufa. Siisanduka chiphaso choti kampani iliyonse yochokera kwawo ichite zofuna zake. Ndipo ndikukhulupirira kuti amene adagona m'manda a ku Dar es Salaam aja sakadakondwa kumva kuti dzina lawo likutsekera pakamwa anthu amene iwo adadzawathandiza.

Pa nkhani ya ngongole za ndalama napo pafunika chilungamo. Mu November 2020 Zambia idalephera kulipira ngongole zake zakunja. Pamene maboma amene adaikongoza adagwirizana mu June 2023 zosintha kabwezedwe ka madola 6.3 biliyoni, gawo loposa madola 4 biliyoni lidali la China. Ndalama zina zidamanga zinthu zooneka, monga bwalo latsopano la ndege ku Lusaka. Koma ngongole imene idalephereka mu November 2020 idali ya pa misika ya ndalama ya kwa azungu, kumene Zambia idakongola madola 3 biliyoni pakati pa 2012 ndi 2015. Ku Mozambique, China idakongoza ndalama zomangira mlatho waukulu wa Maputo–Katembe umene udatsegulidwa mu 2018, ndipo anthu amatsutsana ngati mtengo wake udali woyenera. Komabe ngongole imene idagwetsa chuma cha dzikolo mu 2016 idali ina, ya pafupifupi madola 2 biliyoni, yochokera ku mabanki a Credit Suisse ndi VTB, imene akuluakulu a boma adasainira mobisa nyumba ya malamulo isakudziwa. Nduna ya zachuma ya nthawiyo, Manuel Chang, idapezeka yolakwa m'khoti la ku New York mu 2024. Wokongoza amasintha nkhope ndi chilankhulo, koma pa pepala lililonse pamakhala dzanja la mwana wa m'dziko momwemo.

Apa ndipo nkhaniyi imandikhudza ine mwini. N'chapafupi kuloza chala mlendo, koma mlendo sadzisainira yekha. Pamakhala wina wa ife amene adawerenga pepalalo, kapena amene adayenera kuliwerenga koma adatopa, adaopa bwana, kapena adakumbukira ulendo wa pandege umene adamulonjeza. Ine sindisaina mapangano a mabiliyoni, koma ndikudziwa mmene mtima umafookera ukalandira fayilo yolembedwa kuti ndi yachangu, wina n'kukunong'oneza kuti awa ndi abwenzi athu, tisawachedwetse. Ndavomerapo zinthu zazing'ono chifukwa cha mawu amenewa, ndipo sindinyadira. Pangano la zaka 30 lidzatha ambiri a ife amene tili m'maofesi lero tili m'manda. Amene adzalipire ndi ana amene pakali pano akuphunzira pansi pa mtengo, ndipo palibe amene adawafunsa. Ngati pali munthu amene tili naye ngongole yoposa ya mlendo, ndi mwana ameneyu.

Dziko lathu lidayamba ubale ndi Beijing mu December 2007, ndipo kuchokera apo taona msewu wa Karonga–Chitipa, nyumba ya malamulo ku Lilongwe, yunivesite ya sayansi ku Thyolo ndi bwalo la zamasewero la Bingu. Zina mwa izi ndi mphatso, zina ndi ngongole. Ndi Amalawi angati amene angasiyanitse? Zimene aona anansi athu pa zaka 50 ndi sukulu yaulere kwa ife amene tidafika mochedwa.

Wina anganene kuti ndikulankhula ngati munthu wokhuta. Wopempha sasankha, ndipo dziko losauka likayamba kufunsa mafunso ambiri wokongoza amangonyamuka n'kupita kwina. Mawu amenewa ali ndi mphamvu, ndipo sindingawapeputse. Mu February 2002 amayi sakadafunsa funso lililonse, ndipo adachita bwino kusafunsa. Mu 1967 Kaunda ndi Nyerere analibe khomo lina logogoda. Pali nthawi imene munthu amalandira kaye moyo, zina n'kuziona pambuyo. Koma si tsiku lililonse limene lili February wa njala. Mnyamata uja atabwera, ife ndife tidali ndi dimba, ndipo iye ndiye adali wopempha, ngakhale amayi ankadziona ngati akadali anjala. Zambia lero ili ndi mkuwa umene maiko akuluakulu akuulimbirana. Tanzania ndi Mozambique ali ndi madoko. Umphawi woopsa ndi uja wopitiriza kugwada pamene chimene akufuna chili m'manja mwako. Adati walira mvula walira matope, ndipo n'zoona kuti chitukuko chimadza ndi matope ake, koma mwini nyumba ali ndi ufulu wonena kuti matopewo asalowe mpaka kuchipinda.

Mafunso ofunika si achipongwe. Ngongoleyi tidzabweza liti, ndipo ndi ndalama zochokera kuti? Tikalephera chidzagwidwe n'chiyani? Ana athu adzaphunzira kukonza injini, kapena adzangonyamula miyala? Mtsinje ukawonongeka adzalipire ndani? Sitima idzaimabe pa masiteshoni a amayi a nthochi aja, kapena idzangodutsa ndi mkuwa? Ndipo pepalali liwerengedwe pamaso pa anthu. M'chaka cha 2022 Zambia idakhazikitsa lamulo lopatsa nyumba ya malamulo mphamvu zambiri pa ngongole za boma, itapsa kale. Bwenzi lenileni silikwiya ndi mafunso otere. Limene lakwiya lakuuza lokha kuti silidali bwenzi.

Tsopano ndibwerere ku dimba. Amayi asanayankhe, malume, amene ndi mwini mbumba, adatsokomola n'kunena kuti, "Mwana wanga, bambo ako adatipulumutsa, ndipo mbumba ino idzawathokoza mpaka kumanda. Tsiku limene udzagone ndi njala, bwera usiku, sitidzakufunsa kanthu. Koma lero wabwera masana ndi nkhani ya malonda. Tiye kwa amfumu tikalembe." Amayi adagwetsa nkhope ndi manyazi, ndipo inenso ndidaona ngati malume awonjeza. Mnyamatayo adakhala chete kanthawi, kenaka adaseka n'kuvomera. Adalemba zaka zitatu, mtengo wa lendi pa chaka, kuti mpope uzizima masiku awiri pa sabata kuti a kumunsi kwa mtsinje apeze madzi, ndiponso kuti mng'ono wanga azigwira naye ntchito.

Sizidayende bwino zonse. M'chaka chachiwiri mvula idavuta, mpope sudazime monga mwa pangano, ndipo adakaonekeranso kwa amfumu. Pepala lija ndilo lidathetsa mlandu, ndipo mabanja awiriwa sadadane. Zaka zitatu zitatha dimba lidabwerera kwa ife, ndipo mng'ono wanga amalimamo tomato ndi mpope wake umene adagula. Chaka chilichonse akakolola, amayi amatumiza dengu la ufa kwa mkazi wamasiye wa mkulu wa ngolo uja. Dengulo silili pa pepala lililonse, ndipo malume sadaletsepo.